Cikomekome ca Mkuyu: Zimene Ndinaphunzira Pogula Makina Odulira Kapinga

Anzanga acinyamata, tsiku limene ndinauza amai kuti ndifuna kubwereka ndalama zogulira "mowa", anaika mthiko pansi ndi kundiyang'ana ngati mwana wotayika. Ndinafulumira kufotokoza kuti sindinali kunena za kacasu, koma lonimowa, makina aja odulira kapinga amene timawamva akulira kumayadi m'mawa. Amai anaseka mpaka misozi. Koma patapita miyezi itatu panalibenso woseka pakhomo pathu, pakuti makina amene ndinagulawo anandipweteka mutu kuposa mowa weniweni.

Ndikulemba nkhaniyi cifukwa ndidziwa kuti ambiri a inu mwatsiriza Giredi 12, nchito ya mu ofesi sioneka, ndipo mukuganiza zoyamba kabizinesi kanu. Kusamalira mayadi a anthu ndi nchito yabwino ndipo imadyetsa. Koma pa nchito imeneyi pali cida cimodzi cimene cingakukwezeni kapena kukugwetsani, ndipo ine cinayamba candigwetsa.

Ndinakulira ku Mtendere, mu Lusaka. Nditatsiriza sukulu mu 2018 ndinayamba mapisiweki ku Kabulonga ndi ku Woodlands, nditanyamula silasha ndi fosholo paphewa. Mudziwa inu mmene kapinga amakulira mvula ikayamba mu Novembala: ukachecha lero, sabata yamawa wabwereranso ngati sunapiteko. Ndi silasha, yadi imodzi yaikulu inali kunditengera tsiku lonse, msana n'kumawawa, komanso kapinga n'kutsala wamizeremizere. Eni mayadi anali kundilipira, koma ndinali kuona kuti amafuna kapinga wosalala ngati mphasa. Motero ndinalowa cilimba ndi anzanga anai, ndipo gawo langa litafika mu Novembala 2021, amai anandionjezera ndalama zimene anasunga pa malonda ao a tomato ndi kapenta pamsika.

Amalume anga anagwira nchito ya m'munda wa maluwa pa sukulu ina kwa zaka zoposa 20. Atamva za maganizo anga anandiitana nati, "Mphwanga, usanagule makina yamba wapita kwa amene amawakonza. Wogulitsa adzakuuza mmene amakomera, koma makanika adzakuuza mmene amafera." Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinati, akulu awa anazolowera makina akale, za masiku ano azidziwira kuti? Ndalama zinali kutentha m'thumba. M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita m'tauni.

M'sitolo ina ndinapeza makina awiri ataimikidwa pamodzi. Ena anali osaoneka bwino kwenikweni, olemera, ndipo mtengo wake unali woopsa. Ena anali ofiira, onyezimira, okhala ndi thumba lalikulu lotolera udzu, ndipo mtengo wake unali pafupifupi hafu ya oyamba aja. Dzina lake ndinali ndisanalimvepo. Wogulitsa anakoka cingwe kamodzi, injini n'kulira bwino. Sindinafunse ciliconse, ngakhale kuti masipeya ake amapezeka kuti. Ndinalipira, ndipo ndalama zotsala ndinagulira nsapato zatsopano.

Masabata oyamba ndinali ngati mfumu. Yadi imene inali kunditengera tsiku ndinali kuitsiriza m'maola awiri. Mbiri inafalikira, ndipo pofika pa Khirisimasi ndinali ndi mayadi 10, awiri tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lacisanu. Ndinatenga msuweni wanga wamng'ono kuti azindithandiza, n'kumulonjeza ndalama za sukulu ya Januwale.

Mavuto anayamba pang'onopang'ono. Mawilo, amene anali apulasitiki opanda mabelingi, anayamba kugwedera, ndipo makina anali kudula mbali imodzi pansi, mbali ina pamwamba. Cingwe colizira cinaduka kawiri. Sefa ya mpweya inada bii, ndipo nditazungulira masitolo kufuna ina, onse anali kupukusa mitu. Ndinaigogoda pamwala n'kuibwezera momwemo. Injini inayamba kutulutsa utsi.

Tsono kumapeto kwa Januwale 2022, mai wina wa ku Kabulonga, amene anali kasitomala wanga woyamba ndipo ndiye anandipezera mayadi ena atatu, anandiuza kuti Loweruka kudzakhala kicheni pate ya mwana wao pa yadi pomwepo. "Mwana wanga," anatero, "ndifuna kuti alendo akafika aone kapinga ngati wa ku hotela." Ndinayankha kuti, "Musade nkhawa amai, Lacinai zonse zidzakhala zitatha." Lacinai m'mawa kapinga anali wautali ndi wonyowa. Pofuna kufulumira sindinayende m'yadi kuona zimene zabisala mu udzu. Ndisanafike ndi pakati pomwe ndinamva kuti khoo! Mpeni unagunda cikhomo cacitsulo cimene omanga tenti anasiya. Injini inazima. Nditailizanso, makina onse anali kunjenjemera mpaka manja kucita dzanzi.

Ndinathamangira kusitolo kuja ndi lisiti m'manja. Anandifunsa kuti makinawo ndimawagwiritsa nchito yanji. Ndinayankha monyada kuti ndili ndi bizinesi ya mayadi 10. Pamenepo anandionetsa mau ang'onoang'ono kumbuyo kwa pepala la walanti, onena kuti citsimikizoco cinali ca munthu wodula kapinga wa pakhomo pake, osati wa malonda. Kugunda citsulo nakonso sikunali m'gulu la zimene amalipira. Lacisanu ine ndi msuweni wanga tinabwerera ku Kabulonga ndi masilasha. Tinachecha mpaka mdima, koma theka la yadi linali losalala, theka lina ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha. Mai aja sanandikalipire. Anandilipira ndalama zonse, nati, "Zikomo mwana wanga, wayesetsa." Sabata yotsatira ndinaona galimoto ya anthu ena itaima pageti pao. M'mwezi umodzi ndinataya mayadi anai, ngongole ya amai ikali pomwepo, ndipo msuweni wanga ndinamupatsa theka cabe la zimene ndinalonjeza. Akulu anati safunsa anadya phula.

Apa m'pamene ndinacita zimene amalume anandiuza poyamba paja. Ndinakweza makinawo pa wilibala kupita nao kwa makanika wina wacikulire ku Kalingalinga, amene pakhomo pake panali mulu wa malonimowa ndi majenereta akufa. Anacotsa waya wa pulagi, anapendeketsa makina, anazunguza mpeni ndi dzanja, nati, "Crankshaft yapindika. Ikanakhala injini yodziwika ndikanakupezera ina pa mulu uwu. Ya mtundu uwu sindinaionepo." Kenaka anatsegula pa oilo, n'kuona kuti ndi wakuda ngati phula. "Mnyamata iwe, oilo uyu unasintha liti?" Ndinangoyang'ana pansi. Sindinasinthepo ngakhale kamodzi.

Bambo aja anatola kamtengo ndi kuyamba kuwerengera pa dothi, ndipo masamu amenewo sindidzawaiwala. Munthu wodula yadi yake yokha amaliza makina ola limodzi pa sabata, ndiye kuti maola 52 pa caka. Ine ndinali kuwaliza maola 4 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, ndiye maola 20. Pa masabata 11 amene ndinakhala nao, makinawo anagwira maola 220, nchito imene pakhomo pa munthu wamba ikanatenga zaka zoposa zinai. "Makina ako sanali oipa kwenikweni," anatero. "Unagula bulu n'kumusenzetsa katundu wa lole." Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kufunsa kuti makina ndi ndalama zingati. Ndimayamba ndafunsa kuti anapangidwira maola angati, ndipo akafa adzawadzutsa ndani.

Kwa miyezi ingapo ndinabwerera ku silasha, ndipo Loweruka lililonse ndinali kupita kukathandiza bambo aja kutsuka zitsulo popanda malipiro, kuti ndiphunzire. Zimene ndinatola kumeneko ndi izi.

Coyamba ndi mtundu wa makina. Lonimowa yoyamba inapangidwa ndi Edwin Budding ku England mu 1830, ndipo inali ndi mipeni yozungulira ngati mgolo, yodula udzu monga sizasi. Makina a mtundu umenewo akalipo, ndipo amagwiritsidwa nchito pa mabwalo osalala kwambiri monga a gofu. Koma amafuna nthaka yopanda miyala ndi udzu waufupi. Mayadi amene ife timapatsidwa ali ndi zulu za ciswe, mizu ya mitengo ndi zidutswa za njerwa. Kumeneko makina oyenera ndi aja okhala ndi mpeni wozungulira mopingasa pansi pake.

Caciwiri ndi injini. Injini za malonimowa ambiri a petulo ndi za four-stroke, kutanthauza kuti petulo ndi oilo zili ndi malo akeake, sizisakanizidwa. Koma si zonse zofanana. Injini zopangira pakhomo kawirikawiri zimakhala ndi silinda ya aluminiyamu yokha, pamene zopangira nchito yolemetsa zimakhala ndi cikopa ca citsulo colimba m'kati mwa silinda, momwe pisitoni imakhuza, cotero zimacedwa kutha. Mwacitsanzo, kampani ya Honda ili ndi injini za GCV za pakhomo ndi za GXV za nchito yolemetsa. Pa injini za Briggs & Stratton, zilembo za I/C zimasonyeza kuti inapangidwira nchito ya malonda. Cenjerani, pakuti pali injini zambiri zongofanizira maonekedwe ndi utoto wa zodziwikazi. Werengani nambala yodindidwa pa injini yeniyeniyo, osati cithunzi ca pa katoni.

Cacitatu ndi mpeni, pamene ine ndinagwera. Makina ena ali ndi mpeni umodzi wautali womangidwa pa crankshaft penipeni. Mpeniwo umazungulira nthawi pafupifupi 3,000 pa mphindi imodzi, ndiye ukagunda mwala mphamvu yonse imapita mu injini. Makina ena, makamaka ambiri opangidwa ku South Africa ndi ku Australia, ali ndi mbale yacitsulo yokhala ndi timipeni tiwiri kapena tinai tomangidwa ndi mabauti. Timipeni timeneti tikagunda cinthu colimba timabwerera m'mbuyo, ndipo kawirikawiri cimene cimaonongeka ndi kampeni kamodzi kochipa, osati injini. Kwa munthu wodula mayadi a eni ake, amene sadziwa zimene ana anataya mu udzu dzulo, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Cacinai ndi thupi la makina ndi mawilo. Gogodani thupilo ndi cala. Citsulo copyapyala cimacita dzimbiri msanga cifukwa ca udzu wonyowa umene umamatira pansi pake, pamene citsulo cocindikala kapena aluminiyamu zimakhalitsa. Mawilo akhale ndi mabelingi. Yesani cogwirira cokwezera ndi kutsitsira makina, muone ngati cimagwira zolimba, pakuti kapinga sali mtundu umodzi. Kikuyu, amene anacokera ku mapiri a kum'mawa kwa Africa ndipo dzina lake ndi la mtundu wa anthu a ku Kenya, amayala mocindikala ndipo amafuna injini yamphamvu. Kapinga wa LM, amene dzina lake limacokera ku Lourenço Marques, dzina lakale la mzinda wa Maputo, amakula bwino pamthunzi koma safuna kudulidwa pansi kwambiri. Pa mtundu uliwonse, musadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wa udzu pa nthawi imodzi. Makina osakwezeka bwino adzakupsereza kapinga wa kasitomala.

Cacisanu ndi kukula kwake. Makina odula masentimita 46 m'lifupi amalowa bwino pakati pa maluwa ndipo ndi opepuka. A masentimita 53 amatsiriza yadi yaikulu msanga koma ndi olemera. Dzifunseni kuti mudzawanyamula bwanji kucoka kunyumba kupita kunchito. Ngati mulibe galimoto, makina olemera adzakudyerani phindu pa thiransipoti, ndipo kuwakankha pa msewu wa miyala kumatha mawilo.

Koma cacikulu pa zonse ndi masipeya. Musanalipire, lembani pa pepala zinthu zisanu: pulagi, sefa ya mpweya, mpeni, cingwe colizira ndi kabyuleta. Pitani m'masitolo awiri kapena atatu osiyana ndi kumene mukufuna kugulako, mufunse ngati ali nazo za makina amenewo. Akayankha kuti "tingakuitanitsireni", dziwani kuti tsiku lina mudzakhala masabata osagwira nchito. Ngakhale dzina lalikulu silikucotserani udindo wofunsa, pakuti makampani naonso amasintha. Briggs & Stratton inagwa m'ngongole mu 2020 ndipo inagulidwa ndi eni ena, ngakhale kuti injini zake zikupangidwabe. Honda inaleka kupanga malonimowa a petulo pa fakitale yake ya ku America mu 2023. Cimene cimakuthandizani pa tsiku la tsoka si mbiri ya kampani kutsidya kwa nyanja, koma sipeya imene ili pa shelefu m'tauni yanu.

Mu Okutobala 2022, mvula isanayambe, ndinagula makina aciwiri. Anali ogwirapo kale nchito, utoto utasuluka, koma thupi lake linali locindikala, ali ndi timipeni tobwerera m'mbuyo ndi injini ya GXV160. Ulendo uno ndinapita ndi bambo a ku Kalingalinga aja. Anakana kuti mwini wake awalize tisanafike, cifukwa injini yotopa imabisa matenda ake ikatentha. Anagwira injini kuona ngati ndi yozizira, anakoka cingwe pang'onopang'ono kumva ngati cikulimba, anayang'ana utsi, ananunkhiza oilo, nasuzumira pansi kufuna ming'alu. Atatha anangoti, "Lipira." Mtengo wake unaposa wa makina atsopano ofiira aja. Makina amenewo ndikali nao mpaka lero.

Mwina mufunsa kuti, nanga bwanji osagula a magetsi, amene ndi ochipa, osasokosa ndiponso osafuna oilo? Pa yadi yaing'ono ya pakhomo ndi abwino ndithu. Koma kumbukirani caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Mnzanga wina amene anali ndi makina a nthambo anali kufika pageti la kasitomala n'kubwerera osagwira kanthu. Nchito inacepa kwa tonse caka cimeneco cifukwa udzu sunakule bwino, koma yocepa imene inalipo inapita kwa amene anali wokhoza kufika pa tsiku limene analonjeza. Makina a batire akupita patsogolo, koma batire imodzi siifika madzulo pa nchito ya tsiku lonse, motero muwerengeretu mtengo wa mabatire apadera ndi kumene mudzawachajira.

Makina abwino m'manja mwa munthu wosasamala amafanso msanga, ndipo pa imfa ya makina anga oyamba ine ndinali ndi mlandu waukulu. Tsopano ndili ndi kabuku ka sukulu mmene ndimalemba maola a tsiku lililonse. Mabuku a malangizo a injini zambiri amati oilo asinthidwe pakatha maola 50, ndipo kwa ine amenewo ndi masabata awiri ndi theka cabe. Sefa ya mpweya ndimaiona madzulo alionse m'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Pansi pa makina ndimapala udzu tsiku lomwelo. Popendeketsa makina, mbali ya sefa ya mpweya imakhala kumwamba kuti oilo asalowemo. Mpeni ndimanola kawirikawiri, pakuti wobuntha umang'amba udzu ndipo nsonga zake zimasanduka zofiirira. Ndipo pa ndalama ya yadi iliyonse ndimapatula kagawo ka makina, kamene sindikhudza ngakhale panyumba ndiwo zitasowa. Kagawo kameneko ndi kamene kanagula makina ena apadera, kotero kuti amodzi akadwala nchito siima.

Ndisatsirize osanena za thupi lanu, limene lilibe sipeya. Musagwire mpeni musanacotse waya wa pulagi, pakuti kuzunguza mpeni ndi dzanja kungalize injini. Musadule kapinga mutavala mapatapata. Valani nsapato zolimba, magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu. Musathire petulo injini ikali yotentha. Ana a pakhomo ndi agalu akhale kutali, cifukwa kamwala kotayidwa ndi mpeni kamauluka ngati kocokera pa legeni. Ndipo musanalize makina, yendani m'yadi yonse ndi maso pansi. Mphindi zisanu zimenezo zikanandipulumutsira mayadi anai.

Ngongole ya amai ndinatsiriza kubweza mu Epulo 2023. Msuweni wanga ndinamupatsa zotsala zake, ndipo tsopano pa nthawi ya holide ndiye amasunga kabuku ka maola. Mai a ku Kabulonga aja sanabwerere kwa ine. Timapatsana moni bwinobwino tikakumana, koma ndikadutsa pageti pao ndi kumva makina a anthu ena akulira m'kati, ndimakumbukira kuti tsiku lija sindinataye crankshaft yokha. Iwo anandikhulupirira pa tsiku lalikulu la mwana wao, ndipo ine ndinaika lonjezo langa pa makina amene ndinasankha cifukwa ca utoto.

Makina ofiira aja akali kuseri kwa nyumba yathu, ndipo nkhuku za amai zimaikira mazira m'thumba lake. Amalume akabwera kudzaceza amawayang'ana, n'kundiyang'ana ine, osanena kanthu. Tsono mnzanga, ngati gawo lako la cilimba layandikira ndipo maso ako ali pa makina onyezimira a m'sitolo, sunga ndalamazo sabata imodzi ina. Pita kwa makanika wa m'dera lanu, ukhale naye tsiku limodzi, umufunse makina amene amabwera kwa iye kawirikawiri ndi amene amatha kuwadzutsa. Werengera maola amene udzagwira. Ukatero, kagule.